Kwa wophunzira wofuna kudzathandiza odwala mtima wothamanga

Mtsikana wina wa Folomu 3 wandilembera kuti malume ake anakomoka mwadzidzidzi, ndipo kuchipatala anawatsitsimutsa powagunda pachifuwa ndi makina a magetsi. Akufuna kudziwa chomwe chinachitika komanso maphunziro amene angamufikitse pa ntchito yotere.

Mwanawe, zimene wafotokozazi zikufanana ndi vuto lotchedwa ventricular tachycardia. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ndipo kugunda kwake kumayenera kuyambira kumtunda, koma nthawi zina zipinda ziwiri zam'munsi zimayamba kudzilamulira zokha, mtima n'kumagunda mwina ka 180 pa mphindi, osapeza mpata wodzadza magazi. Chimayambitsa kawirikawiri ndi chipsera chotsala mtima ukavulala chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha, kapena kuchepa kwa mchere wa potassium ndi magnesium m'thupi.

Chithandizo chimadalira momwe wodwala alili. Ngati kugunda sikukumveka, amamupsinja pachifuwa ka 30 n'kumupumira kawiri, mobwerezabwereza, kwinaku akukonza makina ogunda mtima ndi magetsi aja, otchedwa defibrillator. Ngati kukumveka koma wodwala akufooka, amamugoneka ndi mankhwala n'kumugunda ndi magetsi olinganizidwa ndi kugunda kwa mtimawo. Amene akadali ndi mphamvu amapatsidwa mankhwala okhazikitsa kugunda kwa mtima otchedwa amiodarone kudzera mu dilipi.

Kuti udzagwire ntchitoyi, limbikira Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi pa MSCE, chifukwa malo a udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences amalimbiranidwa kwambiri. Ukamaliza digiriyo ndi kulembetsa ku Medical Council of Malawi, umaphunziranso za matenda a m'kati mwa thupi, kenaka ukatswiri wa mtima, umene ambiri amakautenga kunja, monga ku South Africa.

Komabe ndikupemphe usaike mtima wonse pa njira imodziyi. Munthu akagwa mu wodi usiku, amene amafika msanga ndi namwino kapena kiliniko ofesala, ndipo moyo umapulumuka kapena kutayika m'mphindi zoyambirirazo, katswiri asanaitanidwe n'komwe. Maphunziro a unamwino, kapena dipuloma ya ku Malawi College of Health Sciences yotsatidwa ndi maphunziro ogonetsa odwala tulo pa opaleshoni, adzakuika pomwepo. Kulikonse kumene udzapite, udzaphunzire kuwerenga mwakhama pepala la ECG, lomwe limajambula kagundidwe ka mtima, pakuti vutoli limadziwika ndi mizere yotambalala yothamanga imene imaoneka papepalalo.