Kodi plasma ingapulumutse mtedza ku chuku?

Mayi wina wa ku Yeoville, dera la mu mzinda wa Johannesburg, wandilembera imelo. Amaitanitsa mtedza wa ku Mchinji pa basi n'kumagulitsa wokazinga ndi nsinjiro kwa anzathu kuno ku Joni. Mvula ikangoyamba, matumba ena amachita nkhungu. Mwana wawo wawauza kuti asayansi akupha nkhungu ndi plasma, ndiye akufunsa kumene angagule makinawo.

Mayi, mwana wanuyo sanakunamizeni. Plasma ndi mpweya umene magetsi amphamvu audutsa mpaka wayamba kuwala. Mphenzi zija zimang'anima pa Johannesburg madzulo a Disembala ndi plasma yomweyo, kungoti ndi yotentha. Ya pa zokolola ndi yozizira, siwotcha mbewu. Amaika mbewuzo pakati pa zitsulo ziwiri, n'kuyatsa magetsi a mphamvu ya mavolti masauzande ambiri. Mpweya wa pakatipo umasanduka ozone ndi mipweya ina yaukali, ndipo imeneyi imang'amba khungu la nkhunguyo mpaka ife. Palibe mankhwala othira, palibe madzi. Imatha kuphwanyako ngakhale ina mwa poizoni amene nkhungu yasiya.

Poizoniyo ndiye nkhani. Chuku choopsa pa mtedza ndi chimanga chimachokera ku nkhungu ya Aspergillus flavus, ndipo poizoni wake, aflatoxin, amayambitsa khansa ya chiwindi. Anadziwika itachitika ngozi ya mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya ndi chimanga cha chuku. Nafenso kuno tinaona mabotolo a chiponde akuchotsedwa m'masitolo mu Febuluwale 2024 pa chifukwa chomwechi. Kukazinga sikuthetsa poizoniyu, musadalire chiwaya.

Komabe ndalama zanu musazisungire makinawa. Ntchito yambiri ya plasma pa mbewu ikadali m'malabotale, pa timbale tochepa, osati thumba la makilo 50. Imagwira pamwamba pokha, pomwe nkhungu imalowa m'kati mwa njere kudzera m'ming'alu. Mtedzanso uli ndi mafuta ambiri, ndipo mipweya yaukaliyo ikachuluka mafutawo amasasa, kakomedwe n'kusintha. Wina akakuonetsani kabokosi pa Facebook ati ndi plasma yochotsa chuku, mudutseni.

Ine sindikukhulupirira kuti vuto lanu limayambira ku Yeoville. Limakwera basi pamodzi ndi katunduyo. Tonse tinakulira kumudzi, tikudziwa kuti ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, ndipo ena amatero kuti ulemere pa sikelo. Mtedza wotero ukatsekeredwa m'thumba masiku awiri kudutsa Mwanza, Tete ndi Beitbridge kukutentha, umafika nkhungu itamera kale, maso okha ndiwo sanaione. Afunseni amene amakutumizirani ngati anaumitsa bwino, makamaka pounjika mapesi mtedza uli m'kati monga alangizi amaphunzitsira, ndiponso ngati anasenda wouma. Ngati mungathe, itanitsani wamakoko, muzisenda nokha.

Ukafika, khuthulani tsiku lomwelo. Sankhani njere zofota, zosweka ndi zosintha mtundu, chifukwa poizoni wambiri amakhala mwa zochepa zimenezi. Musazisinje kuti zibisale mu nsinjiro, komanso musapatse nkhuku. Matumba muwasanjike pa matabwa, asakhudze simenti kapena khoma, ndipo asakhale m'chipinda chimene mumaphikira kapena kuyanikamo zovala.