Yankho kwa msuweni wanga wa ku Mayfair

Moni nonse a pagulu lathu la banja, makamaka akuluakulu amene ndikudziwa kuti mumvetsera mawuwa ngakhale si anu. Ndikujambula ndili kuntchito kuno ku Randburg, ku Joni, choncho mukamva phokoso la makina ochapira mundikhululukire.

Msuweni, ndaliona funso lako la usiku wathawu. Wafunsa kuti tchalitchi chopemphera m'Chichewa chapafupi ndi Mayfair chili kuti, ndiponso mapemphero amayamba nthawi yanji. Ndaseka pang'ono, amuna anga, chifukwa nambala yanga uli nayo, ndipo ikakuthera ndalama yokwerera sulemba pagulu, umandiimbira ine ndemwe. Funso la tchalitchi lokha ndilo waliika poyera, pamene mayi ako angalione. Komanso tonse tikudziwa kuti shopu imene ukugwirayo sitseka Lamulungu. Ndiye ine ndikuganiza kuti chimene chikukusowetsa tulo si njira ya kutchalitchi ayi. Chifikire kuno m'mwezi wa Malichi sunapondemo m'nyumba ya Mulungu, ndipo wayamba kudzifunsa ngati ukadali mkhristu kapena Joni wakumeza kale.

Ndisanapite patali, ndikukumbutse za malume aakulu, amene kwa iwe ndi bambo aakulu. Iwe unawapeza atakalamba, akukhala pansi pa mtengo wa mango uja ndi wailesi yawo, koma iwowo ndiwo anali oyamba m'banja lathu kuponda dziko lino. Anabwera pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, kudzagwira ntchito m'migodi ya golide ku Carletonville m'chaka cha 1972... ayi, ndalakwitsa, chinali 1971, chifukwa mayi amati anachoka chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. M'komboni ya mgodi anali ndi mnzawo wochokera ku Dedza, amene ankagona naye chipinda chimodzi. Mnzawoyo sankadzikhulupirira pa nkhani ya ndalama, motero mwezi uliwonse ankapatsa malume pang'ono kuti amusungire m'chitini chimene chinkakhala pansi pa sutikesi, pamodzi ndi wotchi imene anagulira bambo ake. Panalibe cholemba, panalibe mboni. Tsiku lina mwala unamugwera pansi pa mgodi, ndipo anamuika konkuno.

Kenaka m'mwezi wa Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi. A Kamuzu anakwiya, analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi, ndipo anthu athu anayamba kubwerera kwathu ambirimbiri. Malume nawo anabwerera, chitini chija chili m'sutikesi. Anafika ku Dowa n'kupeza denga likudontha, ngongole ya ku chigayo ija isanathe, ndiponso agogo akudwala mwendo. Aliyense akanamvetsa akanati atsegule chitinicho, pakuti mwini wake anali m'manda ndipo abale ake sankadziwa n'komwe kuti chilipo. Koma atapuma masiku atatu okha anakwera njinga, inde njinga yomwe ija imene inadzayambanitsa anthu pambuyo pake, tisaiyambe lero, n'kupalasa mpaka ku Dedza. Ankangodziwa dzina la mfumu ndi mfunda wa mnzawoyo, basi. Anagona panjira, anafunsa mudzi ndi mudzi, mpaka anapeza mayi a malemuyo akusinja pamtondo. Anawapatsa chitini ndi wotchi, ndipo ndalamazo anaziwerenga pamphasa pamaso pa nyakwawa. Amati mayiwo anawakakamiza kuti atengeko, iwo anakana, anangolandira nkhuku, ndipo nkhukuyo inafera panjira chifukwa cha dzuwa.

Chimene ndikufuna uchimve bwino ndi ichi: nthawi imeneyo malume anali atadulidwa mu mpingo chifukwa cha mowa. Sankadya mgonero. Ndipo pa zaka zonse za kumgodi sindikhulupirira kuti analowa m'tchalitchi kokwana kakhumi. Sindikuti mowawo unali wabwino, amayi a Chigwirizano musandidye, iwonso anadzausiya n'kubwezedwa mu mpingo. Koma ndikawerenga pa Luka 16:10, pamene Ambuye akunena za munthu wokhulupirika pa chaching'ono, nkhope imene imandibwerera ndi ya malume atapalasa njinga, osati ya ena aja amene ankakhala kutsogolo ndi majekete koma ndalama za chipukuta misozi cha azakhali zinathera m'manja mwawo. Amene mukudziwa mukudziwa.

Tsopano kwa iwe. Unandiuza wekha kuti Lachisanu lililonse masana abwana ako amapita kumzikiti kukaswali, ndipo amakusiyira makiyi ndi till, makina osungira ndalama aja, kwa ola lathunthu. Unandiuzanso moseka kuti anyamata ena amati nthawi imeneyo ndiyo yogulitsa buledi ndi mkaka osalemba m'makina. Unaseka, koma ine ndinamva kuti kusekako kunali kofunsa. Chikhristu chako chili pamenepo, msuweni, pa ola limenelo pamene palibe amene akukuona. Chili pa chenji cha gogo amene saona bwino makobidi, pa R5 imene kasitomala waiwala pakauntala, ndiponso pa ndalama imene unalonjeza kutumiza pa Mukuru ya fizi ya mlongo wako, kuti ifike yonse ndiponso pa tsiku lake. Abwana akowo si mkhristu, ndipo sadzabwera kudzamva ulaliki wa abusa athu. Zimene adzadziwe za Yesu adzazidziwa akamawerengera ndalama madzulo n'kupeza kuti zakwana.

Ndikudziwa kuti malipiro ndi ochepa, ndipo lendi ya kachipinda kako ikudya pafupifupi theka. Ngati akukulipira mopanda chilungamo, uwauze pamaso mwaulemu, kapena tifufuze ntchito ina, ine ndikuthandiza. Koma kudzilipira wekha mwamseri ndi kuba, ngakhale anzako akupatse dzina lina lokoma. Inenso m'nyumba muno ndimapeza ndalama m'matumba a mathalauza ndikamachapa, nthawi zina R200 yathunthu, mwezi uli pakati, kumudzi akuimba foni. Ndimaiika pa tebulo pansi pa mbale ya zipatso. Sindinena kuti dzanja silizengereza... limazengereza ndithu, ndipo pemphero langa lalifupi kwambiri ndimalinena pakati pa makina ochapira ndi tebulolo.

Usandimve molakwa, sindikuti tchalitchi n'chosafunika. Chikuni chimodzi sichipsetsa mphika, ndipo munthu wokhala yekha mumzinda uno amazirala msanga. Koma kalata ya Yakobo, mutu 2, imanena poyera kuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa, ndiye usaganize kuti Mulungu wakutaya chifukwa Lamulungu umakhala ukupanga katundu m'mashelefu. Iye ali nawe Lachisanu lija, makiyi ali m'thumba mwako. Mayi ako akafunsa ngati ukupemphera, uwauze zoona, kuti Lamulungu umagwira ntchito, koma till ya eni ake sinaperewerepo.

Za funso lako lenileni, ife timasonkhana m'holo yobwereka ku Rosettenville, ndipo popeza ambiri ali ngati iwe, Lachitatu madzulo timakhala ndi mapemphero a mlaga kunyumba kwa mmodzi wa ife, kuyambira 7 koloko. Sabata ino ali kwa ine. Ukaweruka ukwere ya kutauni, ukafika pa Bree undiimbire ndikuuze yokwera. Ubwere ndi Baibulo lija mayi ako anakulongedzera, ngati sunalisandutse chotsamira, ndipo ubwerenso ndi poto wanga amene unabwereka mwezi wa Meyi.