Achemwali, tembenuzani kaye malayawo muone kalebulo

Ndalandira imelo kwa mtsikana wina amene akuphunzira za fashoni chaka chachiwiri. Akuti kukalasi awauza kuti apange zovala zoonetsa dziko lawo, koma iye sakuona kuti ndale zikulowamo bwanji, komanso nthawi ya atachimenti yafika ndipo makampani otchuka amene wawalembera onse ali zii.

Achemwali, mafunso anu awiriwa kwa ine ndi limodzi.

Dzina la dziko pa chovala silimachokera ku mitundu ya mbendera ayi, limachokera ku manja ndi malamulo. Taonani Harris Tweed ya ku Scotland, nyumba ya malamulo ku Britain inachita kukhazikitsa lamulo mu 1993 loti nsaluyo kuti itchedwe dzinalo ilukidwe pamanja, pakhomo pa wolukayo, kuzilumba za Outer Hebrides basi. Ndale zimenezo! Rwanda nayo inakweza msonkho wa kaunjika mu 2016 pofuna kuti mafakitale ake a zovala akule, America inakwiya mpaka mu 2018 inaimitsa mwayi woti zovala za ku Rwanda zizilowa kwawo popanda msonkho pansi pa AGOA, lamulo la America lothandiza malonda a mayiko a mu Africa. Ndiye pali Vlisco, nsalu zija ambiri amalumbira kuti ndi za ku Africa, chonsecho kampaniyo ili ku Helmond ku Netherlands, inayamba mu 1846 ndipo luso lake inatengera batik, nsalu ya ku Indonesia yojambulidwa ndi phula. Imeneyi imandipweteka mtima ndithu, koma muyenera kuidziwa musanajambule chilichonse, muzidzifunsa kuti thonje walima ndani, nsalu waluka ndani, wosoka walipidwa zingati.

Za atachimenti, musamangodikira maimelo. Pitani nokha kumene zovala zimasokedwadi, kufakitale, kwa odula mapatani, kwa telala amene amasoka masuti kapena zaukwati, ngakhale kwa osoka mayunifolomu, poti kumeneko ndi kumene mungaphunzire kukulitsa patani imodzi kuti ikwane masaizi onse. Ine yanga ndinapangira mu kashopu ka makina anayi, masabata atatu oyamba ntchito inali kusita ndi kudula ulusi wotsalira, ndinkalira mumtima, koma mayi amene ankadula nsalu kumeneko, choko kukhutu sizasi m'manja, anandionetsa kuyala mapatani mothinana moti chotsala chinkangokwana m'chikhatho. Mpaka lero ndimayala choncho.

Popita musanyamule zojambula zokha, tengani chovala chimodzi chimene mwasoka nokha chifukwa chinthu choyamba adzachitembenuza aone msoko wa mkati ndi zipi. Funsaninso poyera tsiku loyamba lomwelo ngati pali kangachepe ka thiransipoti, maola ndi angati, komanso ndani azikuphunzitsani, musachite manyazi. Mukapita malo asanu mundilemberenso, ndikufuna kumva mmene mwayendera.