Yankho pa nkhani ya chiyembekezo cha ochemerera New York Mets

Achimwene, mwafunsa ngati ochemerera Mets, timu ya masewero a baseball ya ku America, ayenera kukhala ndi chiyembekezo kapena kutaya mtima pa nthawi yopuma ya pambuyo pa masewero a 2025, pamene osewera ake awiri anachoka: womenya mpira Pete Alonso anapita ku timu ya Baltimore Orioles ndipo woponya mpira Edwin Díaz anapita ku timu ya Los Angeles Dodgers. Ine ndikuwamvetsa amene akudandaula, chifukwa mu Disembala 2024 timuyi inasaina katswiri womenya mpira Juan Soto kwa zaka 15 pa mtengo wa madola 765 miliyoni, ambiri tinkaona ngati chikho tachigwira kale, koma mu 2025 inapambana masewero 83, kugonja 79, n'kulephera kulowa m'ndime yachipulula pa tsiku lomaliza ku Miami. Soto analibe mlandu, pakuti anamenya ma home run 43 (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo). Chimene chinaigwetsa timuyi ndi oponya mpira oyamba masewero, amene ankatopa msanga.

N'chifukwa chake ine maso anga ali pa Nolan McLean, mnyamata woponya mpira amene anakwezedwa kulowa m'timu yaikulu mu Ogasiti 2025 ndipo mpira wake wokhota unkasowetsa mtendere omenya odziwika. Komabe masewero ochepa sakwanira kumuyeza mnyamata, ndipo mtima wanga udzakhala pansi pokhapokha atsogoleri akamupezera oponya anzake awiri odalirika.