Akati "up in the air", musagone tulo

Achemwali, mwafunsa tanthauzo la mawu a bwana wanu. Bwana akakuuzani kuti kontrakiti yanu ili "up in the air", akutanthauza kuti sanagamule, kapena anagamula kalekale koma akuopa kukuuzani m'maso. Enanu amene mukuwauza achemwaliwa kuti adekhe, mawuwa si oopsa, simunawamvepo mwezi uli kutha m'nyumba mulibe ufa.

Ine anandiuza omwewo mu February 2025, America itangoyimitsa thandizo lake mu January muja. Ndinkagwira ntchito ya m'fildi pa kabungwe kena konkuno ku Zomba, tsiku ndi tsiku pa njinga yamoto ku Jali, ku Thondwe, mpaka ku Kachulu kunyanja ya Chilwa. Manejala wathu anali Mmalawi mnzathu, Chichewa chokhachokha akamatuma alonda, koma nkhani ikafika pa malipiro amasanduka mzungu. Lero "up in the air", sabata yamawa "it's touch and go", kenako "we are hanging by a thread". Mawu onsewa ndi amodzi, zinthu zikhoza kugwa nthawi ina iliyonse. Ife n'kumagwirabe ntchito, mafuta a njinga tikuthira a m'thumba mwathu ati adzatibwezera.

Tsiku lina ndikuchokera ku fildi mvula ikukhuthuka, ndinapeza alandilodi ku Chinamwali azula chitseko, apita nacho kwawo. Mwana wanga wa Sitandade 3 ali pa matiresi, yunifomu osavula, makope wawakulunga mu jumbo kuti asanyowe. Madzi alowa mpaka pansi pa bedi, mbaula yazima, nyemba zosapsa. Aneba akusuzumira pa mpanda, wina akuseka. Ndinapachika chitenje pakhomo n'kuyimbira manejala manja akunjenjemera, iye akuti "let's not panic". Kumbuyo kwake ndikumva TV ikulira!

M'mawa mwake ndinamufunsa pamaso pa anthu kuti atiuze chilungamo, ntchito ilipo kapena yatha. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, amvekere "you are skating on thin ice". Amenewo ndi ochokera kwa azungu komwe madamu amaundana nthawi yozizira, ukaponda popyapyala wamira. Ndiye kunali kundiopseza. Makalata atatuluka dzina langa linali loyamba, koma iyeyo Loweruka lililonse galimoto ya ofesi ikukwerabe phiri kupita ku Ku Chawe. Munthu wopanda chisoni ngati ameneyo sindinamuone, ndipo ndalama zanga za mafuta mpaka lero.

Ndiye inu achemwali musaope, mufunseni bwanayo, ndi ufulu wanu. Koma mwina pa imelo, mwaulemu, ayankhe polemba kuti mukhale ndi umboni wokaonetsa ku ofesi ya Labour zikavuta. Akayamba kunena za "thin ice" kapena "playing with fire" dziwani kuti nkhani yachoka pa bungwe yafika pa inuyo, pamenepo tsekani pakamwa kaye. Katapila musayerekeze, ngakhale ine ndi amene anandibwezera chitseko. Banki m'khonde bola. CV ituluke usiku uno, ndipo alandilodi anu muwauziretu mwezi usanathe, osadikira kuti akamve kwa aneba.