Funsani Makaniko: Catalytic converter yatha, ndalama zachepa

Bambo Makaniko, Toyota Sienta yanga ikulephera kukwera mtunda, ndipo ku ekizozi kukununkha ngati mazira owola. Akuti catalytic converter (chipangizo cha pa ekizozi chochepetsa poizoni mu utsi) yatha, koma yatsopano njodula. Nditani? — Mayi wa ku Ndirande

Mayi, musathamangire kugula. Kaiyikitseni pa kompyuta kaye. Ikaonetsa P0420, nambala yosonyeza kuti converter siikugwira bwino, aonenso oxygen sensor (kachipangizo koyeza mpweya mu utsi), poti nthawi zina vuto limakhala pamenepo, ndipo njotchipa.

Ngati yathadi, fufuzani yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan m'mashopu a ku Limbe, kapena ya universal (yokwana pa galimoto zosiyanasiyana) yongowotcherera. Koma yambani mwakonzetsa mapulagi, ndi injini ngati ikudya oyilo, apo ayi inayo ifanso.

Anyamata ena akuuzani zongochotsa zam'katimo. Ine ndimakana, utsi wake ndi poizoni. Yakuthayo musaisiye pagalaja: muli zitsulo zodula za platinum ndi palladium, ogula zitsulo amailipira bwino.