Amalume agule Raspberry Pi kapena ayi?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Zomba amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Amalume ake, omwe amagwira ntchito ku Johannesburg, amufunsa chimene akufuna kuti adzamubweretsere pa Khirisimasi. Iye wamva za kakompyuta kokwana m'chikhatho kotchedwa Raspberry Pi, ndipo anzake amuuza kuti akangoikamo Kali Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yodzaza ndi zida zoyesera chitetezo, za cybersecurity (chitetezo cha makompyuta) azidziwa msangamsanga. Ali ndi foni yokha, laputopu alibe. Funso lake n'lakuti awauze agule, kapena angowatayitsa ndalama?

Achemwali, auzeni agule. Koma za Kali zo muyambe mwazisiya kaye.

Kakompyutaka kanabadwira ku Cambridge, ku England. Eben Upton ndi anzake a pa yunivesite ya kumeneko anaona kuti achinyamata ofunsira maphunziro a zamakompyuta akucheperachepera, ndipo amene ankabwerawo ankadziwa kungogwiritsa ntchito kompyuta osadziwa zochitika m'mimba mwake. Nanga mwana angayerekeze bwanji kusasula kompyuta yodula ya banja lonse? Choncho anapanga yotchipa, yoti mwana akaiwononga pakhomo pasagwe maliro. Inayamba kugulitsidwa mu February 2012 pa mtengo wa madola 35. Phindu lake lenileni mpaka lero ndi lomwelo: n'kompyuta imene simuiopa. Zonse zimakhala pa memori khadi. Mukasokoneza zinthu, mufufuta khadiyo, muikanso pulogalamu, pakatha theka la ola mwayambiranso.

Amalume akapita kusitolo asakangotenga kabolodi kokha, chifukwa pakokha n'kopanda ntchito. Ine ndingasankhe Pi 4 ya 4 GB, imene inatuluka mu 2019. Pi 5 ya 2023 ndi yachangu, koma imadya magetsi ambiri ndiponso imatentha, moti imafuna kafani. Pakufunika chaja yake yeniyeni ya USB-C yotulutsa 5V ndi 3A, makhadi awiri a microSD a 32 GB, kiyibodi, mausi, ndi chingwe cha micro HDMI cholumikizira ku TV. Ilipo ina yotchedwa Pi 400, imene kompyuta yonse inabisala m'kati mwa kiyibodi. Kwa munthu woyamba kumene imeneyo imachepetsa zingwe. Ndinenenso chilungamo: akawerengera zonsezi n'kupeza kuti ndalama yake ikukwana laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito koma yamoyo, atenge laputopuyo. Ili ndi sikirini ndi batire, ndipo zonse zimene ndinene pansipa zimatheka pamenepo.

Nkhani ya batireyi si yaing'ono kwathu kuno. Pi ilibe batire. Usiku wina ndinali nditakhala milungu itatu ndikukonza kaseva kanga ka pa Pi (kompyuta yotumikira makompyuta ena), magetsi anangoti phethi. Atayaka m'mawa, kanyali kofiira kanayaka bwinobwino, koma kobiriwira kaja kamene kamaphethira kompyuta ikamawerenga khadi kanangoti zii. TV yakuda bii. Magetsi anathima khadi ikulembedwa, mafayilo n'kusokonekera, ntchito yonse n'kupita. Kuyambira tsiku limenelo ndimailumikiza ku pawa banki, ndimaizimitsa polemba sudo shutdown now osati kungozula chingwe, ndipo khadi yachiwiri imasunga kope la yoyamba. N'chifukwa chake ndati makhadi awiri.

Tsopano za Kali. Imeneyi ndi bokosi la zida la mmisiri wodziwa kale ntchito. Eni ake omwe analemba poyera kuti si yoyenera munthu amene Linux sakuidziwa. Ndaona achinyamata ambiri ataiika, n'kujambula chithunzi cha chinjoka, chizindikiro cha Kali, kuika pa WhatsApp, n'kumakopera malamulo a pa YouTube osadziwa chimene akulamula. Pakatha mwezi atopa. Inu yambani ndi Raspberry Pi OS, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yokonzedwa ndi eni ake a Pi. Ziwirizi n'zapachibale, zonse zinachokera ku mtundu wa Linux wotchedwa Debian, ndiye chimene muphunzire uku mudzachipezanso uko.

Miyezi iwiri yoyamba mukhale pa terminal, pawindo lakuda lija lolembapo malamulo. Muzolowere ls, cd, grep, chmod ndi sudo mpaka zala zizilemba zokha. Pali masewera aulere otchedwa Bandit pa OverTheWire: mumalowa mu kompyuta yawo, imene anaiikira dala ophunzira, n'kumasaka pasiwedi ya sitepe yotsatira imene yabisidwa mu fayilo ina yake. Ndi malemba okhaokha, choncho bandulo sikutha msanga. Mudzakakamira pa sitepe imodzi masiku awiri, mudzakwiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukafika apa, chitani ichi, chimene kwa ine ndi phunziro loposa onse. Yatsani hotspot pa foni, Pi ilumikizike. Tsegulani SSH pa Pi, ndiye khomo lolowera muli patali. Pa foni ya Android ikani Termux, pulogalamu yokupatsani terminal pa foni, ndipo muyese kulowa mu Pi yanu polemba dala pasiwedi yolakwika katatu. Kenako bwererani pa Pi mulembe journalctl -u ssh. Muona mizere itatu yonena kuti Failed password, iliyonse ili ndi ola, mphindi, dzina limene munayesa, ndi nambala ya IP ya foni yanu. Mwaona mapazi anu omwe pakhomo panu. Seva iliyonse yotsegukira intaneti imalandira kugogoda kotere usana ndi usiku kuchokera ku makina ongoyesa mwayi, ndipo ntchito yaikulu ya anthu a chitetezo ndi kuwerenga mapazi oterewa. Ulonda ndithu, osati zija za m'mafilimu.

Kuchoka apo, gwiritsani nmap kuona makomo amene ali otsegula pa Pi yanu. Mupeza 22, wa SSH uja. Ikani kaseva ka webusaiti, muonenso: watulukira 80. Ndiye muyambe kutseka. Ikani ufw kuti izikana alendo, sinthani kuti muzilowa ndi kiyi ya SSH, kafayilo kachinsinsi, m'malo mwa pasiwedi, ikani fail2ban kuti wolakwitsa kangapo azitsekeredwa kunja. Mukatero muyesenso kudziba nokha muone ngati zagwira.

Mwina mukuti pasiwedi ndi nkhani yachibwana. Mpaka April 2022, Raspberry Pi OS inkabwera ndi dzina lolowera loti pi, ndipo pasiwedi yake yodziwika dziko lonse inali raspberry. Ambiri sankasintha. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inagwira makamera ndi marauta ambirimbiri pongoyesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60, ndipo mu October chaka chomwecho inachititsa kuti Twitter ndi Netflix zisafikike kwa anthu ambiri ku America. Mu 2018 zinadziwika kuti akuba analowa mu netiweki ya JPL, labotale ya NASA, kudzera pa Raspberry Pi imene wina anailumikiza popanda chilolezo, ndipo anatenga data yokwana pafupifupi 500 MB.

Mukafuna kuphunzira kuthyola, pali nyumba zomangidwira zomwezo. DVWA ndi OWASP Juice Shop ndi mawebusaiti amene anawasiyira dala zibowo. Mumaika pa Pi yanu n'kumathyola mmene mungathere. Apa ndiye pamene Kali imayamba kukhala ndi tanthauzo, mwina pa khadi lachitatu. Koma WiFi ya aneba, akaunti ya Facebook ya chibwenzi, kompyuta ya kusukulu, ayi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kunena kuti mumangoyeserera sikungakupulumutseni. Odya nayo ntchitoyi sakhudza makina a kampani asanalandire chilolezo cholembedwa.

Mndandanda uja atumizireni amalume lero lomwe, ndipo mutsindike pa chingwecho. Chikhale micro HDMI, osati mini. Zimafanana m'maso, koma mini sichilowa. Chinthucho chikafika ndipo mukaona mizere itatu ija, mundilemberenso.